Kukatenga Chokazingira Khofi ku Limbe

Kuseri kwa nyumba yanga ku Katuli kuli mitengo ya khofi imene malemu bambo anga anabzala atasiya ntchito ku esiteti. Zaka zonse khofi ameneyu tinkangomwa pakhomo, wokazinga pachiwaya, kwina wopserera kwina wosapsa. Nditatsegula tiyirumu pamsika, anyamata obwera ku Joni anayamba kundivuta. Tiyi ankamukana, ankafuna khofi ngati amene ankamwa m'mashopu a mabwana awo. Wanga wa pachiwaya ankangolawa n'kukankhira kapu uko, ati akununkha utsi.

Tsiku lina masana makasitomala atachepa, ndikuyang'ana tsamba la malonda pafoni, ndinaona chithunzi cha kamgolo kachitsulo kamabowobowo, kokhala pamiyendo inayi, kozungulira kokha ndi kamota ka batire. Pansi pake analembapo kuti n'chokazingira khofi cha panyumba. Mtengo wake unali wa mbuzi imodzi yaikazi. Wogulitsayo anali mayi wina wa ku Limbe amene amaitanitsa katundu kunja. Tinalemberana masiku atatu, ndipo iye anati akhoza kungonditumizira pa basi. Ine ndinakana. Mnzanga wina wosoka zovala anagulapo ayironi mwa njira yomweyo, katoni itafika anapezamo njerwa yokulunga m'nyuzipepala. Ndinamuuza mayiyo kuti asunge, ndibwera ndekha.

Mkazi wanga, Abiti Amini, sanasangalale nawo ulendowu. Masabata amenewo kunali mphekesera za anamapopa, kuti kukubwera alendo okhala ndi zipangizo zopopera anthu magazi akagona. M'midzi ina amuna ankatseka msewu ndi miyala n'kumafufuza galimoto iliyonse. Mkazi wangayo anandichonderera kuti ndidikire mpaka zizizire. Ndinamuyankha kuti mayi wa ku Limbe sangadikire, zinthu zotchipa sizichedwa pashelefu.

Kupita kunalibe nkhani. Ndinagona kwa mphwanga ku Bangwe, ndipo m'mawa mwake ndinakapeza kashopu ka mayi uja kuseri kwa msika, pamwamba pa masitepe onunkha mkodzo. Makinawo anali aang'ono kusiyana ndi pachithunzi, chitsulo chake chopyapyala ngati cha chitini cha mafuta ophikira. Mayiyo anandionetsa chilichonse mofulumira, uku akuyankha mafoni awiri. Panali paipi ya labala yolumikiza ku gasi, botolo lagalasi logweramo khofi akapsa, ndi choyezera kutentha, chitsulo chachitali chosongoka ngati singano ya chipatala cha ng'ombe, chokhala ndi waya wopita ku kabokosi koyaka manambala ofiira. Analumikiza batire, kamgolo kaja kanazungulira kakulira ngati njuchi. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinalipira, iye n'kubwezeretsa zonse m'katoni.

Mavuto anayambira pa depoti. Ndisanawoloke n'komwe msewu, anyamata awiri oitanira minibasi anandithamangira, wina kugwira katoni mbali ino, wina mbali inayo, aliyense akuti ndine kasitomala wake. Ndinawauza kuti asiye, ndisankha ndekha, koma iwo anali ataiwala kale kuti pali mwini wake. Anakokana mpaka katoni inang'ambika pakona. Wamfupi anamulavulira mnzake kumaso. Wamtaliyo anasiya katoni, anatola botolo lachabe pansi n'kumumenya nalo pamphumi. Botolo linasweka, wamfupi uja anagwada atakumbatira katoni yanga, magazi akutsika m'mphuno mwake n'kumadonthera pamwamba pa katoniyo. Anzawo anasonkhana, ena kuleretsa ena kuonjezera, ndipo m'chipwirikiticho ndinasolola katundu wanga n'kulowa minibasi yoyamba imene inali pafupi. Ndinapukuta magazi aja ndi pepala, koma anali atalowerera kale, anasiya chibanga chachikulu chakuda. Ndinagula mphira kwa mayi wina pazenera, n'kumanga katoniyo mopingasa.

Minibasi inkaoneka yodzaza pamene ndinkakwera, koma theka la anthuwo anali ongokhalira mipando kuti akope ena. Akakwera munthu weniweni, mmodzi wa iwo ankatsika. Tinakhala pamenepo maola awiri injini ikulira, dalaivala akusuntha pang'ono kutsogolo, kubwerera, kuimba hutala. Titanyamuka, kondakitala anakweza mtengo, ati mafuta wagula kwa mavenda. Bambo wina wa jekete anakana kuonjezera. Anakangana kuyambira ku Njuli mpaka ku Namadzi, kumene kondakitala anaimitsa galimoto, anamukoka bamboyo pakolala, n'kumuponyera panja pamodzi ndi chikwama chake. Jekete linang'ambika kumsana. Ife tonse tinangoyang'ana kutsogolo, ndipo aliyense anaonjezera ndalama ija mosadandaula.

Ku Zomba tinataya ola lina kudikira okwera atsopano. Pa chipata cha apolisi ku Liwonde anatitsitsa tonse. Wapolisi wina wachikulire analoza katoni yanga, ndinamasula mphira. Anatulutsa choyezera kutentha chija, anachitembenuza, n'kundifunsa ntchito yake. Nditamufotokozera anaseka, anati khofi wa kwathu ayenera kuti ndi wonyada. Koma pondibwezera anasiya kuseka.

"Madala, chinthu ichi musachionetse kumudzi masiku ano. Mukafika pa boma chisiyeni kwa wachibale, mudzachitenge mwezi wamawa."

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinali nditayamba kale kukazinga khofi. Ndinkaona anyamata a ku Joni atadzaza mabenchi anga.

Titadutsa Ulongwe tayala lakumbuyo linaphulika, galimoto inavina msewu wonse isanaime m'mbali. Tayala lapadera linalibe mpweya. Kondakitala analikunkhuniza n'kukwera nalo njinga ya kabaza kukalipopetsa, ife kukhala pansi pa mtengo wa mlambe, dzuwa likuotcha ngati latsikira pansi. Chapatali pang'ono ndi pamene tinakhala panali chigoba cha galimoto yaing'ono yopsa, matayala atasanduka mawaya okhaokha, phulusa likadali latsopano. Munthu wina wogulitsa mizimbe anatiuza kuti anali mlendo wosadziwa chilankhulo, ndipo m'galimoto mwake anapezamo chikwama cha mabotolo. Palibe anafunsa kuti mlendoyo ali kuti. Ine ndinasuntha katoni yanga, ndinaikhalira.

Tinafika ku Mangochi nthawi ya swala ya masana itadutsa. Ndinaswali mofulumira pa mzikiti wa pafupi ndi msika, katoni ili pambali panga, kenako ndinawoloka mlatho kukafuna galimoto ya kwathu. Za kusiya katundu kwa wachibale ndinaziganizira pamlatho pomwepo, koma mchemwali wanga amakhala kutali ndi msewu, ndipo ndikanapita kumeneko ndikanagona pa boma. Inatsala galimoto imodzi yokha ya matola, pikapu yoyera ya Che Asani, dalaivala amene ndinkangomudziwa nkhope.

Kumbuyo kunali kodzaza matumba a feteleza, malata awiri ndi anthu pamwamba pake. Nditakweza katoni, inatsamira dengu la nsomba. Mwini dengulo anali mayi wamkulu thupi, wa zaka ngati za mchemwali wanga wamkulu, amene anthu ankamutchula kuti Abiti Jafali. Ankachokera ku Nkhudzi kokagula usipa wokagulitsa kumtunda. Anakankha katoni yanga ndi phazi mpaka inatsala pang'ono kugwa, n'kundifunsa ngati maso ndinawasiya kwa mkazi wanga. Ndinamuuza kuti muli zinthu zosweka. Iye anati usipa wakenso umasweka, ndipo usipa umadyetsa ana pamene zidole za amuna okalamba sizidyetsa munthu. Anthu anaseka. Tinayenda osayang'anana, mawondo athu akugundana pa bampu iliyonse.

Pokwera mapiri a Chowe galimoto inawira. Utsi woyera unatuluka kutsogolo, Che Asani anatsika akutukwana, anaika miyala kumatayala, natiuza amuna tonse kuti tiyende wapansi mpaka pamwamba. Anatsegula chivundikiro cha thanki ya madzi a injini madziwo asanazizire, ndipo nthunzi inamuwaula dzanja. Analikulunga ndi kansalu, anathira madzi a m'chigubu, tinadikira. Pamene tinkasiya tala kulowa msewu wafumbi wa ku Katuli, dzuwa linali litapendeka, mithunzi ya mitengo itayamba kudutsa msewu.

Dzina la malo amene tinaimitsidwa sindilitchula, chifukwa ena mwa anthu ake ndimakumana nawo mpaka pano. Ndi kamsika kakang'ono, magolosale angapo, chigayo, ndi masikelo a ogula nandolo. Pakati pa msewu anagonekapo chipika ndi miyala. Amuna analipo ambiri, ena ndi zikwanje, ena mipini ya makasu, maso ofiira ngati anthu amene sanagone masiku angapo. Mmodzi wovala chipewa chaubweya anauza Che Asani kuti azimitse injini. Anati dzulo lake mayi wina m'mudzimo anadzuka wopanda mphamvu, ali ndi kabala pamkono, ndiye palibe galimoto idutse osaiona m'kati.

Anayamba ndi zikwama za amayi, anabaya matumba a feteleza ndi ndodo, anavundukula dengu la Abiti Jafali iye akuwatukwana. Kenako wachipewa uja anaona katoni. Sanayambe wafunsa za m'kati. Anaika chala pa chibanga chija, ananunkhiza, n'kuitana anzake kuti adzaone magazi.

Ndinafotokoza za ndewu ya ku Limbe. Ndinkayankhula Chiyao, chilankhulo chawo ndi changa, ndinatchula dzina langa, la bambo anga, la tiyirumu yanga. Anadula mphira ndi chikwanje. Choyamba kutuluka chinali paipi ya labala. Chachiwiri botolo lagalasi. Anthu anayamba kuyandikira. Atatulutsa chitsulo chosongoka chija ndi waya wake, wina anadina batani mwangozi, manambala ofiira anayaka, ndipo khamu lonse linabwerera m'mbuyo kamodzi ngati laona njoka. Kenako mayi wina kumbuyo anakuwa kuti namapopa wapezeka.

Sindinaone amene anayamba. Ndinamva mpini pamsana, ndipo ndisanatembenuke anandikoka miyendo kuchoka m'galimoto, mutu wanga unamenya chitsulo cha kumbuyo, ndinagwera m'fumbi. Ndinayesa kudzuka ndi mawondo, wina anandiponda m'nthiti. Ndinamva chinthu chikuthyoka m'kati ngati nkhuni youma. Mwala unandipeza pakhutu lakumanzere, dziko lonse linayamba kulira ngati chigayo. Ndinkanenabe kuti ndi khofi, ndi khofi, koma m'kamwa munali mutadzaza magazi ndi mchenga. Che Asani anatsika atakweza manja, akunena kuti munthuyu ndi wa ku Katuli, wamunyamula yekha pa boma. Anamumenya ndi chibonga pakamwa, anakhala pansi atagwira mano ake m'dzanja lopsa lija. Galasi lakutsogolo la galimoto linaphwanyidwa. Okwera anzanga anabalalikira m'minda.

Anandikhwekhwereza mpaka pafupi ndi masikelo a nandolo. Pamenepo, pakati pa miyendo ya anthu, ndinaona nkhope imene ndinkaidziwa bwino. Anali Che Bwanali, alamu anga, achimwene ake enieni a mkazi wanga, amene amagula nandolo m'misika ya kumeneko. Anaima pakhonde la golosale, atavala malaya abuluu, cholembera chili kukhutu. Munthu ameneyu anamwapo khofi wa kuseri kwa nyumba yanga kambirimbiri. Sabata yomweyo ndinali nditawaonetsa chithunzi cha makinawo pafoni, iwo n'kuseka kuti ndikufuna kukhala mzungu. Mtima wanga unalumpha. Ndinasonkhanitsa mpweya wonse umene unatsala n'kuitana.

"Alamu. Alamu Che Bwanali, auzeni anthuwa."

Anandimva. Maso athu anakumana, ndipo anakhala akundiyang'ana nthawi yokwanira kuti munthu anene mawu atatu. Mnyamata wa chikwanje amene anaima pafupi nawo anatembenuka kuwayang'ana. Alamu anachotsa cholembera kukhutu, anachiika m'thumba la malaya, anatembenuka, n'kulowa kuseri kwa golosale.

Zitatha izo sindinaitanenso munthu. Ndinaona wina akukunkhuniza tayala lakale kuchokera kuchigayo. Wina anagwada pa njinga yamoto akukhetsera petulo m'botolo. Anandikhazika tsonga, tayala linadutsa pamutu n'kukhala pamapewa, lolemera, lonunkha madzi ovunda. Petulo anali wozizira pakhosi. Ndinayamba kunena shahada, mawu amene Msilamu amafuna kuti akhale omaliza pakamwa pake, ndipo ndinadabwa kuti mantha anali atandichokera, ndinkangomva kutopa.

Amene anadutsa pakati pa amunawo anali Abiti Jafali. Sanathawe ndi anzathu aja, mwina chifukwa cha dengu lake. Anakankha wachipewa uja ndi phewa, anaima patsogolo panga atanditembenukira msana, miyendo yake ikukhudza tayala. Anavula mpango wa kumutu n'kuuponya pansi. Anamasula chitenje chapamwamba, nachonso pansi. Kenako anagwira mfundo ya chitenje chamkati. Sanakuwe, anayankhula ngati akutchula mtengo wa nsomba.

"Munthu uyu ndakwera naye pa boma. Ndi chitsiru, koma si namapopa. Amene ali ndi machesi abwere, koma ayambe waona kumene anatulukira. Ndivula pompano, ndipo aliyense wa inu adziwa chimene chimagwera mwana woona umaliseche wa mayi ake."

Kwathu kuno palibe mwamuna amene sadziwa kulemera kwa mawu amenewo. Amene anali kutsogolo anayang'ana kumbali. Wina wachikulire anaphimba maso ndi chikhatho n'kuyamba kubwerera. Akumbuyo ankakuwabe kuti amuchotse mayiyo, koma palibe amene anafuna kukhala woyamba kumugwira. Abiti Jafali anamasula mfundo ija theka, akuyenda pang'onopang'ono kulunjika kwa wa botolo la petulo, ndipo mnyamatayo analitula pansi.

Mkwiyo wawo unasowa pogwera, unagwera pa makina. Anawaponda, anawatema ndi zikwanje, kamgolo kaja kanaphwatalala ngati chitini chopondedwa ndi lole. Anathira petulo wotsala pa katoni n'kuyatsa. Pamene onse ankayang'ana motowo, Che Asani anakwawira m'galimoto n'kuiliza. Abiti Jafali anandivula tayala, anandigwira m'khwapa, n'kundiponya kumbuyo ngati thumba la chimanga, ndinagwera chafufumimba m'dengu la usipa. Galimoto inabwerera chambuyo mtunda wautali, miyala ikugwa pamalata aja, isanapeze potembenukira.

Za ulendo wobwerera ku boma ndimakumbukira zochepa. Mayiyo anandisanjika mutu pamwendo pake, akundimenya mbama pang'onopang'ono kuti ndisagone, uku akundinena kuti munthu wa imvi ngati ine ndikuyenda ndi zinthu za singano nyengo ngati ino. Che Asani anayendetsa ndi dzanja limodzi, mphepo ikumuwomba kumaso chifukwa galasi kunalibe, akulavula magazi pazenera.

Kuchipatala anapeza nthiti ziwiri zothyoka, anandisoka pamutu ndi pachibwano. Khutu lakumanzere silimva mpaka lero. Che Asani anataya mano atatu, ndipo atatuluka sanayendenso msewu wa ku Katuli. Abiti Jafali anabwera m'mawa mwake, anaima kumiyendo kwa bedi osakhala pansi, anandiuza kuti usipa wake wonse unanunkha petulo ndi magazi anga moti anakautaya mumtsinje. Ndinayesa kumuthokoza, anati ndisamutayitse nthawi, n'kutuluka. Apolisi atabwera kudzandifunsa ngati ndinazindikirapo wina aliyense pa anthu aja, ndinati fumbi linali lambiri.

Mkazi wanga anafika tsiku lachitatu, chifukwa galimoto zinali zitasiya kuyenda msewu umenewo. Analowa m'wodi akulira, ndipo pambuyo pake panali Che Bwanali atanyamula basiketi ya chakudya. Iwo ndi amene anamulipirira ulendo, iwo ndi amene anamuperekeza. Anandipatsa salamu, anakhala pampando, n'kuuza mlongo wawo ndi odwala oyandikana nane kuti tsiku limenelo anali ku Chiponde, nkhaniyi anangoimva madzulo, ndipo akanakhalapo sizikanafika pamenepo. Mkazi wanga ankavomera, akundipukuta kumaso ndi kansalu konyowa.

Atatuluka kukatsuka mbale kumpopi, tinatsala awiri. Alamu anatulutsa lalanje m'basiketi n'kuyamba kusenda ndi chikhadabo. Ndinadikira kuti ayambe iwo, koma anangoyang'ana lalanjelo.

"Alamu," ndinatero, "munavala malaya abuluu."

Chala chawo chinaima. Sanadzutse mutu, ndipo poyankha mawu awo anali apansi kwambiri moti ndinachita kutembenuza khutu labwino.

"Ndikanatsegula pakamwa, matayala akanakhala awiri. Anyamata aja anali atanena kale m'mawa kuti ife a masikelo ndi amene tikubweretsa alendo. Ndili ndi ana asanu ndi awiri, alamu. Kuseri kwa golosale kuja ndinagwa pansi. Sindinagone kuyambira tsiku limenelo. Mukamuuza mlongo wanga, sadzandiyang'ananso."

Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinawakonza masiku atatu ndili chigonere, oti mayi wa nsomba amene sankandidziwa n'komwe analinso ndi ana. Koma nthiti zinkandibaya ndikapuma mwamphamvu, ndipo munthu amene anakhala patsogolo pangayo anali atachepa, makoko a lalanje akugwera pansi. Sindinawakhululukire pamenepo, ndipo sindinama kuti ndinatero.

Mkazi wanga anabwera akukunkhumula madzi m'mbale. Anatiyang'ana tonse awiri n'kufunsa chimene tinali kukambirana nkhope zili choncho. Alamu anandiyang'ana. Ndinati timakamba za mtengo wa nandolo, kuti chaka chino watsika.

"Ndiye mpaka osadya? Achimwene akusenderani lalanje, landirani."

Che Bwanali anatambasula dzanja. Ndinalandira kachidutswa kamodzi n'kuika m'kamwa. Madzi ake analowa m'mabala a m'milomo, anawawa ngati tsabola, misozi inatuluka yokha. Mkazi wanga anandipukuta, nati ndidye pang'onopang'ono, n'kuuza achimwene ake kuti asende lina.